Zopeta za Khirisimasi zisagonenso m'chitini chaka chino

ENTRE LAGOS, Mecanhelas. Mvula yoyamba ikagwa, chimanga n'kuyamba kutuluka m'mizere, aliyense kuno kumalire amadziwa kuti masiku a chikondwerero ayandikira. Pa 25 Disembala, tsiku limene Akhristu amakumbukira kubadwa kwa Yesu ndipo boma la Mozambique limalitcha Dia da Família, palibe mayi amene amafuna kuti alendo apeze nyumba yake ili mbee. Pansi amazira, makoma amatsutsuta, pakabati amayala madoilo, ndipo amene ali ndi luso la singano amapachika timitima, tinyenyezi ndi tinsomba topeta ndi manja awo.

Koma inu awerengi, lowani m'nyumba zambiri za kuno ndipo mupemphe kuti akutsegulireni chitini chosungiramo singano. Mudzapezamo tinsalu tatiwisi: nyenyezi yopeta bwino koma yopanda kumbuyo, mtanda wokhota ngati wagundidwa ndi njinga, duwa lomwe m'mphepete mwake mwayamba kuyoyoka. Ntchito yaikulu inachitika kalekale m'miyezi ya chilimwe, ulusi unagulidwa, maso anatopa, koma kotsiriza kokha ndiko kunasowa. Ndipo chopeta chosatha sichikongoletsa nyumba, sichigulitsika, sichipatsikanso kwa mlendo.

Mtolankhani wanu sanapite kutali kuti akaone zimenezi. M'chitini cha mayi anga omwe ndinawerengamo tizidutswa 14 totere, tina ta dzana, tina ta chaka chomwe mdzukulu wawo woyamba anabadwa. Nditawafunsa chifukwa chake, anayankha mosabisa:

"Mwanangu, kupeta ndi kucheza, munthu umapeta uku ukuseka ndi anzako. Kutsiriza ndiye ntchito. Ndipo nthawi yotsiriza imafika pamodzi ndi khasu."

Mawu amenewa ndi oona kwa amayi ambiri. Disembala ndi mwezi wopalira, ndi mwezi umene nkhokwe zayamba kulira, ndipo madzulo munthu amabwera kumunda manja atauma gwa. Nkhani ya lero ndi yoti tithandizane kuti ntchito imene yatsala pang'ono ithe.

Luso lomwe linadutsa m'malire kawiri

Dzina loti Entre Lagos ndi la Chipwitikizi ndipo limatanthauza pakati pa nyanja, chifukwa malo ano ali pakati pa nyanja ya Chilwa, imene Apwitikizi ankaitcha Chirua, ndi nyanja ya Chiuta. Mudzi uno unakula chifukwa cha njanji imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970 kulumikiza dziko la Malawi ndi doko la Nacala. Kuchokera ku Cuamba kufika kuno ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 77, ndipo ukangodumpha malire wafika pa Nayuchi, m'boma la Machinga.

Luso lopeta linafika kuno m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya masukulu a mishoni a nthawi ya atsamunda, kumene atsikana ankaphunzitsidwa kusoka ndi zimene Apwitikizi amazitcha lavores. N'chifukwa chake agogo ena mpaka lero kapetedwe kopingasa amakatcha ponto cruz. Kwawo kwa Apwitikizi luso limeneli ndi lakale: m'tauni ya Arraiolos akhala akupeta makapeti ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa kuyambira zaka za m'ma 1600, ndipo chilumba cha Madeira chimadziwika pa dziko lonse ndi nsalu zopeta.

Njira yachiwiri ndi yowawa kuikumbukira. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, anthu a dziko lino pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo a ku Mecanhelas sanatsale. Kumeneko amayi ambiri, mayi anga ali momwemo, anakhala pansi ndi amayi a ku Malawi omwe anaphunzira kuluka ndi kupeta kusukulu za pulayimale, m'magulu a mpingo ndi m'makalasi a ntchito zapakhomo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 oposa 1.7 miliyoni anali atabwerera kuchokera m'maiko oyandikana nafe. Ambiri anabwera ndi mphika umodzi, bulangete ndi kapulana, koma luso la singano anabwera nalo lonse, pakuti limenelo silifuna mtolo.

Nsalu ya osauka ndi thumba

Kumaiko a azungu opeta amagula nsalu yapadera ya timabowo towerengeka, ndi ulusi wa m'mafakitale otchuka monga DMC ya ku Mulhouse, m'dziko la France, imene inayamba m'chaka cha 1746. Ulusi wotere umakhala ndi tinkhosi 6 topotana, ndipo wopeta amagawa malinga ndi kukula kwa bowo. Kuno kwathu zinthu zimenezo n'zosowa ndiponso n'zodula. Nsalu yathu ndi chiguduli, kapena thumba la fetereza kapena la mpunga lochapidwa bwino, chifukwa nalonso linalukidwa mopingasa ndipo mabowo ake amawerengeka. Ulusi wathu ndi wa juzi yakale yomasula.

Majuziwo timawapeza pa zovala zakale za pamsika, zimene tsidya lija amati kaunjika ndipo tsidya lino timati kalamidadi. Dzina limeneli linatsalira kuchokera m'zaka za m'ma 1980, pamene zovala zoterezi zinkabwera ngati thandizo kwa anthu ovutika ndi nkhondo ndi chilala.

Musanayambe kutsiriza, dziwani kaye kuti ulusi wanu ndi wamtundu wanji. Dulani kachidutswa kakang'ono, mukayandikize ku moto wa machesi. Ngati kakununkha ngati tsitsi lopsa ndipo kakusanduka phulusa lofumbutuka, umenewo ndi ubweya weniweni wa nkhosa. Ngati kakusungunuka n'kusanduka kampira kolimba kakuda, umenewo ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo majuzi ambiri a masiku ano ndi otero. Kusiyana kwake n'kofunika: ubweya umadyedwa ndi njenjete ndipo umafota m'madzi otentha, pamene wa pulasitiki njenjete siziufuna koma umaopa nsimbi ndi moto.

Choyamba, kuwongola

Aliyense wopeta waonapo kuti kansalu komwe kanali ka ngodya zinayi zofanana kamatha kakupendekera mbali imodzi. Si ufiti ayi. Singano ikamadutsa mopendekera mbali imodzimodzi kambirimbiri, ulusi umakoka nsalu kupita mbali yomweyo. Ukasoka kumbuyo usanawongole, chokongoletsera chako chidzakhala chokhota mpaka kalekale.

Yambani ndi kuyesa mtundu. Nyowetsani kansalu koyera, mukakanikize pa ulusi wofiira kapena wakuda. Kakatenga mtundu, dziwani kuti chopetacho sichifuna madzi ambiri, mungochiwaza pang'ono kumbuyo kokha. Ngati mtundu sukutuluka, chinyowetseni ndi madzi ozizira oyera, osachipotokola.

Kenaka tengani thabwa losalala, muyalepo nsalu yoyera, ndipo mujambulepo ndi pensulo mizere yowongoka pogwiritsa ntchito ngodya ya kope la mwana wa sukulu. Ikani chopetacho chafufumimba, muchikoke pang'onopang'ono kufikira chitagwirizana ndi mizere ija, n'kuchikhomera m'mphepete mopanda ulusi. Misomali ya dzimbiri imasiya banga losachoka, choncho gwiritsani ntchito mapini atsopano kapena minga. Chisiyeni pamthunzi podutsa mphepo mpaka chiume kotheratu. M'chilimwe tsiku limodzi limakwana, koma m'nyengo ino ya mvula dikirani masiku 2 kapena 3. Mukafulumira kuchitseka chidakali ndi chinyezi, chidzachita nkhungu m'kati, ndipo fungo lake lidzakuululani pamaso pa alendo.

Chenjezo kwa eni nsimbi za makala: thumba la fetereza ndi pulasitiki, likakhudzana ndi nsimbi yotentha limakwinyika nthawi yomweyo, ndipo ntchito ya mwezi wathunthu imatha m'kuphethira kwa diso. Ngakhale pa chiguduli, nsimbi isakhudze chopeta mwachindunji chifukwa imaphwanya maonekedwe ake.

Chachiwiri, kudula ndi kupinda

Apa ndi pamene amayi ambiri amachita mantha, chifukwa lumo silibweza. Lamulo ndi limodzi: osadula pafupi ndi ulusi. Siyani malire otambalala ngati chala chimodzi, kapena sentimita imodzi ndi theka, kuzungulira konse. Thumba limayoyoka msanga, tsono mukangodula sokani m'mphepete monse mozunguliza ndi ulusi wosokera. Ena amadutsitsa m'mphepete mwa thumba la pulasitiki pafupi ndi kandulo kuti musungunuke pang'ono n'kugwirana. Njira imeneyi imathandiza, koma ndi ya akuluakulu okha, ndipo lawi lisafike pa ulusi.

Ngati chinthucho ndi chozungulira kapena ndi mtima, temani timano ting'onoting'ono m'malire aja, osafika pa ulusi, kuti popinda pasachite mafundo. Ngati ndi cha ngodya, pindani ngodya poyamba, mbali pambuyo pake.

Tsopano pakufunika cholimbitsa m'kati. Katoni ndi yosavuta kupeza, koma kuno pakati pa nyanja ziwiri katoni imamwa chinyezi ndipo imapindika chaka chisanathe. Chabwino ndi pulasitiki wa chigubu chakale cha mafuta ophikira, chochapidwa ndi sopo mpaka mafuta onse atachoka. Dulani zidutswa 2 zofanana, zochepera pang'ono kuyerekeza ndi chopetacho. Pa chidutswa choyamba ikani thonje lopyapyala, muvundikire ndi chopeta, mupindire malire kumbuyo, ndipo muwamange ndi ulusi wolimba kuchoka mbali ina kupita mbali ina ngati mmene timamangira chikopa cha ng'oma. Kokani mokwanira kuti kutsogolo kusakwinyike, koma osati mpaka kukhotetsa. Chidutswa chachiwiri chikuteni chimodzimodzi ndi kansalu ka kapulana. Zotsalira za kapulana mungazipemphe kwa telala aliyense wa pamsika, makamaka mwezi uno pamene akusoka zovala za chikondwerero.

Chachitatu, kulumikiza ndi chingwe

Phatikizani zidutswa ziwirizo msana ndi msana. Musanasoke, lowetsani pakati pake chingwe chopachikira, ndipo muchisokerere ku nsalu ya m'kati kuti chisadzasololoke mwana akachikoka. Yesani kuchinyamula ndi chingwecho muone ngati chikulendewera mowongoka. Mukakhutira, sokani m'mphepete monse ndi timasoko tating'ono toyandikana, musiye kampata kamodzi kokwana nsonga ya chala.

Chomwe chimasiyanitsa ntchito ya katswiri ndi ya wophunzira ndi chingwe cha m'mphepete, chimene chimabisa msoko. Chingwe chimenechi sachita kugula. Yezani kuzungulira kwa chinthucho, mudule ulusi wotalika katatu muyezo umenewo, nkhosi zitatu kapena zinayi. Mwana agwire mbali ina, inu muzipota mbali inayo mpaka ulusi utalimba. Gwirani pakati, muphatikize nsonga ziwirizo, ndipo mukasiya pakati paja chidzadzipota chokha n'kukhala chingwe chokongola. Anthu a kunyanja safuna kuphunzitsidwa zimenezi, pakuti ndi mmene abambo amapotera chingwe cha khonje. Lowetsani nsonga imodzi m'kampata kaja, musokerere chingwe kuzungulira, nsonga yotsiriza muibise momwemo, n'kutseka.

Amene safuna cholimbitsa angasoke ngati kapilo n'kuikamo thonje kapena usufu. Alimi a thonje a chigawo cha Cuamba amadziwa kuti njere zake zili ndi mafuta, choncho zichotseni zonse, apo ayi zidzathimbiriritsa nsalu ndi kuitana makoswe. Musaikemo gaga kapena mpunga. Mayi wina woyandikana nafe anachita zimenezo chaka china, ndipo pofika Malichi anapeza tinyenyezi take titabooledwa ndi anankafumbwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pomaliza petani chaka kumbuyo kwake. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ndi imene imachititsa kuti kanthu kakang'onoko kadzakhale chikumbutso cha banja.

Kodi pali phindu?

Funso limeneli abambo ambiri amalifunsa akaona akazi awo ali ndi singano pamene udzu ukukula m'munda. Tisanamizane, palibe amene anamanga nyumba ya malata ndi tinyenyezi ta ulusi. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Juzi inagulidwa kale, thumba lilipo kale, masiku opeta anapita kale. Chotsala ndi madzulo awiri kapena atatu. Amene sakutsiriza ndiye akutaya ndalama, osati amene akutsiriza.

Ndalama za kuno zimadalira nyanja ndi malire. Matemba, makumba ndi milamba zikagwidwa zambiri, msika umadzaza ndipo ngakhale chokongoletsera chimapeza wogula. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, aliyense amaganiza za ufa wokha. Kumbali ya malire, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuyambira pamenepo wogulitsa wochenjera amawerenga kaye mtengo wake m'metikali asanalandire kwacha. Njanji yayitali makilomita 912 yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, imene anaitsegulira mwa mwambo mu 2017, imadutsa pano, koma malasha sagula madoilo. Ogula ndi anthu: aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito pa malire, ndi ana athu obwera kutchuthi kuchokera ku Cuamba, Lichinga, Nampula, Liwonde ndi Blantyre.

Anthu amenewa aona kale zonyezimira za pulasitiki za m'masitolo a m'tauni, zimene zimathetheka zikangogwa pansi. Chimene amafuna kunyamula pobwerera ndi chinthu cha kwawo. N'chifukwa chake nsomba, bwato, mbalame ya m'dambo ndi ngala ya mpunga zimakopa kuposa chithunzi cha nkhalamba ya ndevu zoyera yovala zofiira, imene palibe anaionapo ku Mecanhelas. Ndipo wogula aliyense amachita chinthu chimodzi asanatulutse ndalama: amatembenuza kumbuyo. Kumbuyo kukakhala kwaudongo, sanenerera kwambiri.

Tikumbukirenso kuti dera lino ndi la Akhristu ndi Asilamu okhala khomo ndi khomo. Duwa, nyenyezi kapena nsomba yopeta bwino imakongoletsa nyumba pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano, pa Idi, pa ukwati ndi pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko la Mozambique. Wopeta amene saganiza za tsiku limodzi lokha amagulitsa chaka chonse.

Kupachika ndi kusunga

Mitengo ya paini ya m'zithunzi kuno kulibe, ndipo sikufunika. Nthambi youma yozikidwa m'chitini cha mchenga imakwana. Ena amapachika pa chingwe chodutsa pakati pa balaza, ena pa chitseko cha kabati, ena amapereka kutchalitchi kuti akakongoletsere khola la mwana Yesu. Chachikulu n'chakuti zikhale kutali ndi koloboyi ndi kandulo. Ulusi wa pulasitiki ndi usufu zimayaka msanga, ndipo pamwamba pake pali denga la udzu. Zikhalenso pamene mwana wokwawa sangafikire, makamaka ngati mwasokererapo mikanda.

Chikondwerero chikatha, zikung'untheni fumbi, muziyanike pamthunzi tsiku lopanda mvula, ndipo muzisunge m'chitini chotseka bwino, zitakulungidwa m'nsalu youma. Osaziika m'jumbo zikadali ndi chinyezi.

Mutu umodzi susenza denga

Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi yogawana. Amayi anayi kapena asanu akumane Lamulungu masana kapena Lachisanu akaweruka ku mapemphero, aliyense ndi chitini chake. Wa dzanja lolimba adule zigubu, wa maso akuthwa asoke m'mphepete, ana apote zingwe. Zimene munthu mmodzi akanazengereza nazo mpaka chaka chamawa zimatha dzuwa lisanalowe.

Ndi mmene tinachitira kwathu sabata yatha. Maso a mayi anga sakuonanso bowo la singano, ndipo ndinazindikira kuti chimenechi ndicho chifukwa china chimene sanafune kundiuza tsiku lija. Anaitana mdzukulu wawo wa zaka 12, mwana wa mlongo wanga, n'kumukhazika pamphasa.

"Iwe, bwera kuno undibwereke maso ako. Manja ndili nawo."

"Agogo, ndikalakwitsa kudula?"

"Siya chala chimodzi, sulakwitsa."

Ine anandipatsa ntchito ya chigubu ndi mpeni, ndipo sindinakane. Pa tizidutswa 14 tija, 9 tatha. Titatu tinapezeka titadyedwa ndi njenjete moti sitingapulumuke, ndipo tiwiri tikadali pathabwa kudikira kuuma. Pansi penipeni pa chitini panali kansomba kopeta pa chiguduli, kofiirira ndi ukalamba. Mayi anati anakayamba ali tsidya lija, ine ndili kumsana, chaka chimene mtendere unamveka pa wailesi, ndipo m'chipwirikiti cha ulendo wobwerera sanakatsirize. Mdzukulu uja wakasoka kumbuyo ndi kapulana yakale ya agogo ake, ndipo wapetapo zaka ziwiri: 1992 ndi chaka chino.

Abale ndi alongo a ku Entre Lagos, Insaca, Chiuta ndi midzi yonse ya m'malire, masiku atsala ochepa. Tsegulani zitini zanu lero, muyambe ndi kuwongola, pakuti ndiko kumadya masiku.